Makwerero a Kachirombo

Che Mwamadi anafika pa polisi Lolemba m'mawa, fumbi la kumanda lisanachoke ku nsapato zawo. Anali bambo wamtali wa ku Mangochi, wokhoma zidebe ndi mbaula ku Biwi, ndipo zala zawo zinali zipsera zokhazokha za malata. Atawalozera benchi anakana kukhala. Anaima pamaso pa Sajeni Zipora Nkhwazi wa nthambi yofufuza milandu, napisa m'thumba la mkanjo, n'kuika patebulo kabotolo kabulauni kotalika ngati chala.

"Akazi anga aphedwa ndi kameneka. Ndikufuna mwini wake."

Unali mwezi wa Juni, chaka cha 2006, ndipo chisanu cha ku Lilongwe chinkalowera pansi pa zitseko. Zipora anatola kabotoloko n'kukapendeketsa, koma zam'kati sizinayende. Zinali zitauma gwa ngati ayisi. Anakafumbata m'dzanja akumvetsera, ndipo bamboyo asanafike pakati pa nkhani yawo, zouma zija zinali zitasungunuka n'kusanduka madzi oyera ngati a pampopi.

Nkhani yake inali yotere. Akazi awo, Mwanamisi, amene ku Biwi ankadziwika kuti Abiti Adamu, anali telala pamsika. Zaka ziwiri m'mbuyomo anadwala mpaka achibale anayamba kunong'onezana za sanda, nsalu yokulungira maliro. Ma ARV aulere atafika m'zipatala, mayiyo anadzuka, nabwerera pa makina awo. Anasokanso kathumba ka chitenje chobiriwira kosungiramo botolo la mapiritsi, kuti makasitomala asaliwone. Koma mankhwalawo anawalowetsa masaya m'kati, ndipo aliyense wobwera kudzayezetsa diresi ankangoyang'ana nkhope n'kudziwa. Zimenezi zinkawawawa kuposa dzanzi la kumapazi limene mankhwalawo ankawapatsa.

Mvula ikupita kumapeto, anayamba kudontheza madzi a m'kabotoloko mu tiyi m'mawa uliwonse. Anauza amuna awo kuti anali mankhwala atsopano othetseratu kachirombo. Chisanu chitayamba, madziwo n'kumauma usiku, anati wowapatsayo wawauza kuti ndicho chizindikiro chakuti mankhwala akhwima. Che Mwamadi sanadziwe kuti mapiritsi anasiyidwa kalekale. Anazindikira akazi awo atagwidwa ndi mutu waukulu, khosi litauma, bamboyo n'kufunafuna kathumba kaja m'nyumba monse osakapeza.

"Masiku omaliza sankadya kalikonse," anatero, "koma mpweya wawo unkanunkha adyo. Pilo adyo, bulangeti adyo. Azimayi osambitsa maliro anandifunsa kuti tinkawadyetsa chiyani."

Dzina la wogulitsayo sankalidziwa. Abiti Adamu anali atalumbiritsidwa kuti asaulule. Chimene anatulutsa m'kamwa mwawo n'chakuti kachirombo kamatuluka n'kufalikira m'magazi pokwera makwerero, ndipo madonthowo amathyola makwererowo. Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali mayi wina wa ku Chinsapo, dzina lake Dailesi, amene ankasonkhana naye m'gulu la anthu amene ali ndi kachirombo.

Bwana wa pa polisiyo atamva nkhaniyo anangopukusa mutu. Anati malemuwo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, dokotala sanaunike thupi, ndipo mayi wa matenda amenewa kumwalira si nkhani yoti n'kuthera mafuta a galimoto. Koma mkulu wake wa Zipora, wobadwa naye m'mimba imodzi, anamwalira chaka chimodzi ma ARV aulere asanabwere, ndipo Zipora ankadziwa kulemera kwa botolo limodzi la mapiritsi amenewo. Kuti wina alande munthu botolo lotero n'kumupatsa madzi ouma, zinali zoti sakanazilekerera. Anaponya kabotoloko m'chikwama n'kukakwera minibasi ndi ndalama za m'thumba mwake.

Dailesi anamupeza pamphambano ya ku Chinsapo, atayala kaunjika wa majuzi palona. Anali mayi wamfupi, wa maso akuthwa, wa pakamwa posachedwa. Zipora atangotchula kuti ndi wapolisi, mayiyo anapitiriza kupinda majuzi ngati kuti walankhula ndi mphepo. Atamva dzina la Abiti Adamu ndi pamene anadzutsa mutu.

Anati mnzakeyo anafa chifukwa ankadumphitsa madontho poopa amuna ake, osati chifukwa cha mankhwala. Anati iye mwini wasiya mapiritsi miyezi ingapo ndipo akupeza bwino kuposa kale. Polankhula anayandikira, ndipo fungo linamuwomba Zipora kumaso: adyo, wamphamvu, wosakanikirana ndi kena kake konga dzimbiri. M'mphepete mwa milomo ya mayiyo munali zoyera, ndipo juzi imene anavala inkalendewera m'mapewa.

Zipora anafunsa kumene kunapita mapiritsi. Dailesi anati anapereka, chifukwa mankhwala awiriwo sayenderana, ndipo munthu ukawasunga m'nyumba umayesedwa. Zipora anafunsanso kuti anapereka kwa yani.

"Asisi, pamene tinkafa ngati nkhuku za chitopa inu munali kuti? Lero wapezeka munthu wotichotsa pa mzere wa kuchipatala, ndiye mwatulukira ndi unyolo? Mundimange ine. Dzina lokha simulimva."

Zipora anamuuza mosabisa kuti mnzake ali kumanda ndipo iye akulowera komweko. Anati sing'anga aliyense angathe kuthira madzi m'botolo n'kunena kuti akuchiritsa. Mawu akuti sing'anga ndi amene anamukwiyitsa Dailesi mpaka kuiwala kusamala lilime.

"Sing'anga wa chiyani? Ife tinaona zithunzi ndi maso athu. Kachirombo kofiira, makwerero obiriwira. Mankhwala awa achokera ku labu ya ku Area 25, m'firiji mwa adokotala enieni."

Atangomaliza anadzigwira pakamwa. Koma Zipora anali atatembenuka kale, akuimitsa minibasi.

Labuyo inali kuseri kwa mpanda wa njerwa, kufupi ndi msewu wopita ku Kanengo. Kutsogolo kunali zipinda zolangiziramo anthu odzayezetsa magazi, kumbuyo chitseko chachitsulo chimene sankalowapo munthu wamba. Mkulu wa kafukufuku anali Dokotala Irene Matewere, mayi wowonda amene anakhala zaka zambiri kunja, wolankhula mothamanga ngati kuti aliyense akumuchedwetsa. Anamulandira Zipora ataimirira, maso ali pa wotchi.

Ataona kabotoloko anasiya kuyang'ana wotchi. Anavala magolovesi, nakatsegula, nakanunkhiza chapatali. Atamva zakuti kamauma kukazizira ndiponso za fungo la adyo, anakoka mpando n'kukhala pansi.

Anafotokoza kuti amenewo si mankhwala ayi, ndi madzi osungunulira zinthu mu labu. Amauma kukangozizira pang'ono, amalowa pakhungu ngati mafuta panyuzipepala, ndipo akalowa m'thupi munthu amapuma fungo la adyo. Botolo lalikulu la madziwo linasowa mu Febuluwale, pamodzi ndi kachubu kamodzi ka poizoni ka m'firiji.

Zipora anafunsa kuti poizoni ankatani m'nyumba yofufuza za odwala. Dokotalayo anatembenuza kompyuta. Pagalasi panali chinthu chobulungira, chodzaza timizere tobiriwira tolukanalukana ngati ukonde, ndipo m'mphepete mwake munali timadontho tofiira.

"Iyi ndi selo imodzi ya munthu," anatero. "Zobiriwirazi ndi ulusi, dzina lake akitini. Selo iliyonse ya m'thupi mwanu ili nawo. Ndi umene umaigwira kuti isaphwafuke, umaiyendetsa, umaithandiza kugawikana. Zofiirazi ndi kachirombo. Kakalowa m'selo, kamaikakamiza kupanga ziwalo za tizirombo tatsopano. Ziwalozo zimasonkhana pakhungu la selo, n'kutukumula khungulo ngati katudza, kenako katudzako kamaduka n'kupita kukagwira selo ina. Funso langa n'lakuti, kodi kachirombo kamadalira ulusiwu posonkhanitsa ziwalo zake ndi potuluka? Ndiye ndimathira poizoni wodula ulusi m'kambale ka maselo, n'kuona ngati tizirombo totuluka tachepa."

Zipora anafunsa ngati timachepadi. Dokotalayo anati nthawi zina timachepa, nthawi zina ayi, ndipo akatswiri anzake akadatsutsanabe. Anati zonsezi n'za m'kambale. Poizoniyo sasankha, amadula ulusi wa selo iliyonse, yodwala ndi yabwino yomwe, ndipo palibe munthu wanzeru amene angamwetse mnzake. Koma anawonjeza kuti kachubuko kanali ndi poizoni wochepa kwambiri, woti ukamuthira m'botolo lalikulu n'kugawira anthu ambiri sangaphe msanga. Chimene chinapha mayi wa ku Biwi, anatero, n'kusiya ma ARV.

Apa Zipora analephera kudzigwira. Anafunsa chifukwa chimene nkhani ya poizoni wosowa sinafike pa wayilesi kapena m'magulu a odwala. Dokotalayo anayankha mouma kuti akuluakulu opereka thandizo sakonda phokoso, ndipo iye anachita mbali yake: anaimitsa ntchito Rodney, wothandizira mu labu, amene ankasunga kiyi wa firiji. Kwa iye mlandu unathera pomwepo.

"Unathera pomwepo kwa inu," anatero Zipora. "Ku Biwi wathera m'manda."

Asanatuluke anafunsa za makwerero. Dokotala Matewere anakwinya nkhope, nati sakudziwa makwerero alionse. Iye amati ulusi, ndipo chibadwire sanatchulepo zinthu zimenezi ndi dzina lina.

Rodney ankakhala ku Area 23, m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi. Zipora anamupeza m'mawa wotsatira atakhala pakhonde, akuwotha dzuwa, ndevu zosameta. Anali munthu wa zaka za m'ma makumi atatu, ndipo mawu ake onse ankatuluka ndi kaseko kowawa. Anati wakhala akudikira apolisi kuyambira Febuluwale, ndipo anayamba kuganiza kuti ngakhale kumangidwa kumafuna kudziwana ndi anthu.

Anafotokoza za tsiku limene zinthuzo zinasowa. Kunagwa chimvula, magetsi anazima, jenereta inakana kulira. Dokotala Matewere yemweyo ndi amene anamulanda kiyi wa firiji n'kumutuma ku Kanengo kukatenga makaniko, pamodzi ndi dalaivala wa pa labupo. Pobwerera anapeza chitseko chachitsulo chili pululu, firiji ili yotsegula, ndipo aliyense amene anali ndi manja akunyamula machubu kupititsa m'mabokosi a ayisi: mlonda, wosesa, anamwino, ndi alangizi a zipinda zakutsogolo. M'mawa mwake kachubu katasowa, dokotala anakumbukira chinthu chimodzi chokha, chakuti wosunga kiyi ndi Rodney.

Zipora anati afunsa dalaivalayo ndi makaniko. Rodney anati awafunse, ndipo anatambasula manja ake n'kumuuzira mpweya kumaso mopanda ulemu.

"Ndinunkhizeni, Sajeni. Amene akutsanulira madzi amenewo m'timabotolo sabata ndi sabata, ndi manja opanda magolovesi, akununkha ngati khitchini ya pa ukwati."

Pa Rodney pankangomveka sopo ndi fodya. Zipora anamufunsa ngati anamvapo za makwerero a kachirombo. Kaseko kaja kanazima.

Rodney anati mu Januwale labu inaitana atsogoleri a magulu a odwala kuti adzamve za kafukufukuyo, poti magazi amene ankagwiritsa ntchito anali awo. Dokotala anaonetsa zithunzi zake nalankhula Chingerezi chokhachokha. Womasulira anaona kuti ulusi sukuwafika anthu pamtima, ndiye anasintha: anati kachirombo kamakwera makwerero potuluka, ndipo adokotala apeza mankhwala othyola makwererowo. Anthu anawomba m'manja, azimayi ena analira. Dokotala, amene anali kalikiliki ndi kompyuta yake, anaganiza kuti akuyamikira sayansi.

Msonkhano utatha, womasulirayo anamutsatira Rodney kukhonde n'kumufunsa, ngati mocheza, kuti mankhwala othyola makwererowo amasungidwa pati.

"Ndani?" anafunsa Zipora.

"A Phillip Namakhwa. Mlangizi wamkulu. Amene amalira nawo pa maliro a wodwala aliyense."

Dalaivala ndi makaniko onse anavomereza kuti Rodney anali nawo ku Kanengo mpaka mvula itakata. Wosesa anakumbukira kuti a Phillip ananyamula nawo mabokosi, atavala jekete lalikulu la mvula. Zipora atafunsa kumene ali, anauzidwa kuti Lachitatu masana amakhala ku Chinsapo ndi gulu lawo. Ulendo uno bwana anamupatsa galimoto ndi wapolisi mmodzi, Konsitebo Leston, ndipo Zipora anatumiza uthenga ku Biwi kuti Che Mwamadi akadikire pa polisi.

Gululo linkasonkhana m'kalasi ya sukulu ina ana akaweruka. Munali azimayi ambiri ndi abambo ochepa, atapanikizana pa madesiki a ana. Zipora atangolowa, fungo lija linamulandira pakhomo. Silinkachokera kwa munthu mmodzi.

A Phillip Namakhwa anali kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Anali bambo wa thupi labwino, wa shati yosita bwino, wa mawu ofewa ngati a mbusa. Aliyense ankadziwa kuti nawonso ali ndi kachirombo. Anali m'gulu la anthu oyamba kudziulula poyera m'derali, nthawi imene ena ankabisala, ndipo n'chifukwa chake azimayiwa ankawakhulupirira kuposa madokotala. Ataona apolisi sanatekeseke. Anamwetulira, natchula Zipora kuti mlongo wanga, namupatsa mpando.

Zipora anakana mpando. Anawayandikira n'kuwauza kuti akununkha adyo. A Phillip anaseka mwaulemu, natembenukira kwa anthu awo, nati adyo amadya tsiku lililonse monga amalangizira aliyense wofuna kulimbitsa thupi, ndipo sanamvepo kuti Nyumba ya Malamulo yaletsa adyo. Anthu anaseka. Zipora anawafunsa za tsiku la chimvula. Anati ananyamula nawo mabokosi monga wina aliyense, pothandiza. Anawafunsa za makwerero. Anati womasulira amasankha mawu amene anthu angamve, ndipo ngati umenewo ndi mlandu, alaliki onse a mu Lilongwe akagone m'chitokosi.

Yankho lililonse linali losalala, ndipo Zipora anaona kuti akapitiriza kufunsa angowapatsa guwa. Analoza chikwama chakuda chimene chinali pansi pa tebulo la aphunzitsi n'kuwauza kuti achitsegule.

Kumwetulira kuja kunachepa. A Phillip anati m'chikwamamo muli zinsinsi za odwala, zoti ngakhale khoti silingaone wamba. Anakweza mawu pang'ono kuti onse amve, nati apolisi abwera kudzaulula matenda a anthu kwa amuna awo ndi kwa eni nyumba. Kalasi inawira. Azimayi anaimirira n'kumuzinga Zipora, Dailesi ali patsogolo, akuloza chala. Wina anamukoka malaya. Leston anafuna kusolola chibonga, koma Zipora anamugwira dzanja. Anthu awa sanali adani ake, ndipo zinkamupweteka kuti akuteteza munthu amene akuwakumbira manda.

Anadzikankha pakati pawo, nakoka chikwamacho, nachikhuthulira patebulo.

Munagwa mabotolo oyera a ma ARV ambirimbiri, ena odzaza, mapepala a mayina atapalidwa ndi lumo. Pakati pawo panagwa kathumba ka chitenje chobiriwira, kosokedwa mwaluso. Zipora atamasula chingwe chake, timabotolo tabulauni tinagubuduzika patebulo.

A Phillip sanachedwe kupeza mawu. Anati mapiritsiwo akuwasungira eni ake, ndipo timabotoloto anapatsidwa ndi munthu wa ku labu amene dzina lake sangalitchule. Anauza azimayiwo kuti asaope, chifukwa aliyense wobweretsa machiritso amazunzidwa. Leston atawaveka unyolo, a Phillip anakweza manja awo kuti onse aone. Galimoto inanyamuka anthu akuimenya ndi zikhatho, ndipo ena, Dailesi ali nawo, anakwera minibasi n'kuitsatira.

Pa polisi, Che Mwamadi anali pa benchi, chipewa chili m'manja. Zipora anaika kathumba kaja patsogolo pawo. Bamboyo anakatembenuza, napapasa msoko ndi chala chawo chachikulu, nati chitenjecho chinali chotsala pa diresi imene anawagulira akazi awo pa Idi. Kenako anadzuka kulunjika kwa a Phillip, ndipo panafunika apolisi awiri kuti awabweze pa benchi.

Mafunso anatenga masana onse. A Phillip anakana zonse mpaka pamene Zipora anawauza kuti akafufuza kunyumba kwawo ku Area 49, ndiponso kwa anthu ogulitsa mankhwala mobisa amene ankagula mabotolo opalidwa mayina. Pamenepo anasintha nyimbo. Anati botolo lalikulu lilidi kunyumba, koma iwo sanaphe munthu. Anati anamva ndi makutu awo adokotala akunena kuti mankhwalawo amatsekereza kachirombo, ndipo anangofupikitsa njira imene azungu akanaitalikitsa zaka makumi awiri. Anati amakhulupirira madonthowo ndi mtima wawo wonse.

Kunja, azimayi anali atakhala pakhonde la polisi, akuimba nyimbo za kutchalitchi ndi kufuula kuti mlangizi wawo atulutsidwe. Dailesi yekha analoledwa kulowa ngati woimira gulu. Anaima pa kauntala manja ali m'chiuno, akuuza aliyense wovala yunifolomu kuti sachoka.

Dzuwa likupendeka, Leston anatulutsa a Phillip kuti awalembe asanalowe m'chitokosi. Anawavula lamba ndi zingwe za nsapato, nawauza kuti akhuthule matumba. Panatuluka foni, kiyi, maswiti a timbewu tonunkhira. Dzanja lawo linachedwa m'thumba lam'kati la jekete. Leston anapisamo yekha natulutsa botolo loyera, nalilemba pamodzi ndi katundu wina, n'kuliponya m'kabati.

A Phillip anayang'ana wotchi ya pakhoma. Anayang'ana kabati. Ananyambita milomo, naweramira kwa Zipora, natsitsa mawu kuti asamveke patali. Koma m'chipindamo munali zii, ndipo Dailesi anali pafupi.

"Sajeni, botolo limenelo musalitsekere. Ndi langa. Nthawi yanga yomwera yakwana, ndipo sindinadumphitsepo chiyambire."

Zipora anatsegula kabati, natenga botololo, naliyang'anitsitsa. Pepala lake silinapalidwe. Panali dzina la Phillip Namakhwa ndi tsiku la mwezi womwewo. Analigwedeza kuti mapiritsi amveke, kenako anatola kabotolo kamodzi kabulauni pa umboni uja n'kukaika pa kauntala, pakati pa iye ndi mkaidiyo.

"Si awa mankhwala othyola makwerero? Leston, bweretsani tiyi. Abambowa amwe amene amawakhulupirira ndi mtima wonse."

A Phillip anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma. Anangopukusa mutu, maso ali pa botolo loyera lija.

Dailesi anatsitsa manja m'chiuno. Kwa nthawi yaitali anangowayang'ana: masaya awo odzaza, khosi lawo lonenepa, shati yawo yosita. Pamene analankhula, mawu ake anali otsika kwambiri moti Zipora anavutika kuwazindikira.

"A Phillip, ine munandiuza kuti ndikasunga ngakhale piritsi limodzi m'nyumba ndiye kuti ndilibe chikhulupiriro. Ndinakupatsani botolo langa ndikugwada."

Anawalavulira kumaso. Palibe wapolisi amene anasuntha.

Zipora anabweza kabotolo kabulauni pa umboni. Anatsegula botolo loyera. Anatulutsa piritsi limodzi, natunga madzi m'ndowa ya pakona, napereka zonse kwa mkaidiyo. A Phillip anameza mofulumira, madzi akutsikira pachibwano.

Che Mwamadi anaimirira pa benchi. Anafunsa ngati boma limadyetsa mankhwala munthu amene analanda akazi awo mankhwala omwewo.

"Ndikufuna akafike kukhoti ali moyo, Che Mwamadi," anatero Zipora. "Ndipo akakhale kundende zaka zonse zimene woweruza adzatchule, osachotserapo ndi chimodzi chomwe."

Chitseko cha chitokosi chitatsekedwa, Dailesi anapisa m'kamisolo natulutsa kabotolo kake, nakaika pa kauntala. Anafunsa Zipora ngati kuchipatala amalandiranso munthu amene anathawa mzere. Zipora anati amalandira, ngakhale anamwino adzakalipa, ndipo iye adzapita naye m'mawa kuti adzagawane kukalipidwako.

Dailesi sanathokoze. Anamanga chitenje chake mwamphamvu natulukira pakhonde, pamene anzake anali akuimbabe. Zipora anamva nyimbo ikuduka pakati, kenako mawu a Dailesi, okwera ndi aukali ngati a pamsika, akuitana mayi aliyense ndi dzina lake kuti abweretse kabotolo kake m'kati.